Kayalidwe ka ulusi wokongoletsa ndodo yowedzera nsomba

Ndodo yowedzera nsomba imene munthu wadzipangira yekha, kapena imene waikonzanso itathyoka, imadziwika ndi kachigawo kamene kali patsogolo pa chogwirira, pomwe mmisiri amayalapo ulusi wamitundumitundu mopingasa mpaka patatuluka madayamondi kapena mivi. Nsomba sizilabadira zimenezi, ndipo mlamba wa mu Linthipe udzameza nyambo chimodzimodzi kaya ndodo ili ndi maluwa kaya ilibe, koma ulusiwo umazindikiritsa mwini ndodo, ndiponso umaonetsa poyera dzanja la amene anaipanga. Ambiri amene amayesa ntchitoyi koyamba amathamangira kusankha mitundu ya ulusi, chikhalirecho chimene chimakongoletsa kapena kuipitsa ntchito yonse ndi timadontho timene timalembedwa pa thunthu la ndodo ulusi usanalikhudze n'komwe. Madontho akapotoka, palibe ulusi wagolide umene ungabise kupotokako.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a chokongoletsa cha madayamondi asanu pamwamba pa ndodo, chotseguka, kutanthauza kuti thunthu limaonekabe pakati pa mizere ya ulusi. Manambala amene ndikutchula ndi a ndodo yongoyerekeza, ndipo ntchito yawo ndi kuonetsa kawerengedwe basi. Inu muyeze ndodo yanu ndi kuwerengera kuchokera pa zimene mwapeza, pakuti muyezo wobwereka kwa mnzanu sungagwire pa thunthu lanu.

Zida ndi ulusi

Zida zake si zambiri. Pafunika rula yokhala ndi mamilimita ooneka bwino, timapepala todula motalika ngati timalamba, tepi ya pepala imene opaka penti amaitcha masking tape, lezala latsopano, choko cha atelala chosongoledwa bwino kapena pensulo yoyera, ndi kachida kosalala kokankhira ulusi, komwe kangathe kukhala chogwirira cha mswachi wakale chopalidwa mpaka kusalala. Pogonekapo ndodo, katoni yolimba yodulidwa ngati chilembo cha V mbali zake ziwiri imakwanira, bola muyalemo kansalu kuti thunthu lisakandike pamene mukulitembenuza.

Ulusi weniweni wopangira ndodo ndi wa nayiloni, ndipo kukula kwake kumatchulidwa ndi zilembo. Saizi A ndi woonda, ndipo ndi umene umatulutsa madayamondi a ngodya zakuthwa, pomwe saizi D ndi wokhuthala, umadzaza malo msanga koma maluwa ake amaoneka okhakhala pa ndodo yaing'ono. Ulusi umenewu si wopezeka wamba kuno kwathu, choncho amene sangathe kuitanitsa angagwiritse ntchito ulusi wonyezimira wa poliyesita umene atelala amapetera maluwa pa makina. Ulusi wa thonje wosokera zovala musaugwiritse ntchito, chifukwa uli ndi ubweya umene umaimirira mukangopaka mankhwala, ndipo chokongoletsa chonse chimasanduka chaminga. Musanagule mitundu yambiri, kulungani ulusi pang'ono pa chidutswa cha ndodo yakale n'kudonthezapo spiriti. Mtundu umene ukuoneka ulusi uli wonyowa ndi wofanana kwambiri ndi umene udzatsale mukadzapaka epoxy (utomoni woonekera mkati umene umauma n'kulimba) kapena vanishi popanda mankhwala oteteza mtundu, ndipo mudzaona nokha kuti woyera ndi wachikasu zimazimirira pa thunthu lakuda.

Pa chidutswa chomwecho, kulungani ulusi mothithikana pa mtunda wa mamilimita 10 n'kuwerenga kuti wazungulira kangati. Mukapeza kuti wazungulira ka 50, ndiye kuti maulusi asanu amadzaza milimita imodzi, ndipo nambala imeneyi muilembe, chifukwa ndi imene idzakuuzeni kukula kwa dayamondi musanayambe kuiyala.

Malo ake pa ndodo

Chokongoletsa chimakhala patsogolo penipeni pa chogwirira, pomwe ndodo ndi yonenepa ndipo sipindika kwenikweni nsomba ikamakoka. Kuchiika chakunsonga n'kulemetsa ndodo pachabe, komanso epoxy sikhalitsa pamalo popindikapindika. Chogwirira ndi pokhala reel, kagudumu kokulungirapo chingwe, zikhale zitamatidwa kale n'kuuma, koma timphete todutsamo chingwe tikhale tisanamangidwe, makamaka koyamba kaja, popeza kamakola ulusi nthawi iliyonse imene mukukwera kapena kutsika. Ngati ndodo yanu ndi ya nsungwi, sankhani chigawo cha pakati pa mfundo ziwiri, muchipale ndi sandipepa wosalala, mupakepo vanishi kamodzi n'kudikira kuti aume, chifukwa nsungwi yosapaka imamwa mankhwala mosiyanasiyana ndipo ulusi umachita mawanga. Thunthu la graphite kapena la fibreglass lingopukutidwa ndi spiriti kuti mafuta a m'manja achoke.

Yezani mamilimita 240 kuchokera pa chogwirira, ndipo kunja kwa malire a mbali zonse ziwiri mukulunge masking tape mozondotsa, mbali yomata ikhale kunja. Tepi imeneyi ndi imene idzagwire nsonga za maulusi onse mpaka ntchito itatha, choncho ikhale yotambalala ndithu ndiponso yothina kuti isamatsetsereke.

Mizere iwiri yowongoka

Ntchito yoyamba yeniyeni ndi kupeza mzere wa pamwamba. Pa ndodo imene reel yake imalendewera pansi, mbali imene msodzi amaiona akagwira ndodo ndi ya kuseri kwa pokhala reel, ndipo kumeneko ndi kumene madayamondi asanu aja ayenera kukhala. Njira yapafupi ndi kumangirira reel pamalo pake, kugoneka ndodo pa katoni ija n'kuisiya kuti kulemera kwa reel kuitembenuze yokha mpaka itakhazikika. Ikakhazikika, imateni ku katoniyo ndi tepi kuti isasunthe, muime molunjika pamwamba pake, n'kulemba kadontho pa msana pa thunthu kumalire a kuchogwirira ndi kena kumalire a kunsonga. Kokani ulusi woyera kuchokera pa dontho lina kufika pa linzake, muumate mbali zonse uli wokungika, kenako muyang'ane ndodo kuchokera kumbuyo kwa chogwirira monga amachitira mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Ulusiwo ukaoneka kuti ukupatuka pa mzere wa pokhala reel, konzani pomwepo, ndipo mukakhutira lembani mzere wopepuka wa choko motsatira ulusiwo.

Mzere wa pansi uyenera kukhala kuseri kwenikweni kwa wa pamwamba, ndipo umenewu sapeza ndi maso. Tengani kalamba ka pepala, mukazungulize pa thunthu kuyambira pa mzere wa pamwamba, mulembe pamene kakumana, mukachotse n'kukapinda pakati kuti chiyambi chake chigundane ndi polemba paja. Mukakabwezera pa ndodo, popinda paja padzagwera pa mzere wa pansi. Chitani zimenezi kumalire onse awiri, kulikonse ndi kapepala kakekake, chifukwa ndodo imanka nionda kupita kunsonga ndipo kapepala ka kuchogwirira kanganame mukakagwiritsa ntchito kutsogolo. Lumikizani madontho awiriwo monga munachitira pamwamba.

Pali ena amene amalemba mizere imeneyi ndi singano kapena nsonga ya mpeni kuti isafufutike. Pa thunthu la graphite musayerekeze, pakuti kamkwasa kakang'ono kodula timitsitsi ta kunja ndi pamene ndodo imadzathyokera tsiku limene kampango wamkulu wakodwa.

Mipata ya madontho

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi bwino kumvetsa chifukwa chake m'malo mongoloweza manambala. Ulusi wa chokongoletsa umakwera ndodo mozungulira kuchokera kuchogwirira kupita kunsonga, kenako wina umatsika mozungulira mopingasana nawo. Maulusi awiriwa amakumana kawiri pa kuzungulira kulikonse, kamodzi pamwamba ndi kamodzi pansi, ndipo mphambano iliyonse ndi imene imadzakhala pakati pa dayamondi. Kuti dayamondi ikhale ya mbali zofanana, yosasongoka ndiponso yosaphwatalala, ulusi uyenera kupita patsogolo mtunda wofanana ndi muyezo wozungulira ndodo nthawi iliyonse imene wazungulira kamodzi. Motero mpata wa pakati pa madontho awiri a pamwamba ndi wofanana ndi muyezo wozungulira thunthu pamalo amenewo.

Yezani muyezo umenewu pakatikati pa chigawo chanu, pa mamilimita 120, pogwiritsa ntchito kalamba ka pepala n'kukatambasula pa rula. Amene ali ndi chida choyezera kunenepa kwa chitsulo angathe kuyeza m'mimba mwa thunthu n'kuchulukitsa ndi 3.14, ndipo thunthu la mamilimita 14 lidzapereka pafupifupi mamilimita 44. Tiyerekeze kuti mwapezadi 44. Dontho loyamba lilembedwe pa mzere wa pamwamba pa mamilimita 120 pomwepo, kenako muwerenge 44 kupita mbali zonse ziwiri, ndipo madontho a pamwamba adzagwera pa 32, 76, 120, 164 ndi 208. Kuyambira pakati n'kofunika, chifukwa mukayambira kumalire amodzi, kakusiyana kalikonse kamanka kaunjikana mpaka dayamondi yomaliza itapanikizika kumalire enawo.

Madontho a pansi amagwera pakatikati pa a pamwamba, ndiye kuti amasuntha ndi theka la mpata, lomwe ndi mamilimita 22. Pa chitsanzo chathu adzakhala pa 10, 54, 98, 142, 186 ndi 230. Poyeza a pansiwa musayambire pa tepi kapena pa m'mphepete mwa chogwirira mongoganizira kuti ndi mowongoka. Zungulizani kalamba ka pepala kowongoka bwino pa dontho la pakati la pamwamba, m'mphepete mwake mukumane ndendende, mulembe pamene kadutsa mzere wa pansi, ndipo pamenepo ndi pamene muwerengere 22 kupita uku ndi uku. Madontho akhale aang'ono ngati mutu wa singano. Dontho lalikulu limapatsa ulusi ufulu wodutsa kumanzere kapena kumanja kwake, ndipo ufulu umenewo ndi umene umapotoza mzere wa madayamondi.

Amene akufuna madayamondi otalika mosongoka angawonjezere mpatawo, ndipo amene akufuna ofupika angauchepetse, koma asapitirire kwambiri, chifukwa ulusi woyala mogona kwambiri sugwira thunthu ndipo umatsetsereka mukamaukankha.

Ndodo yoonda mofulumira

Ngati muyezo wozungulira pa dontho loyamba ndi pa lomaliza ukusiyana ndi milimita imodzi kapena awiri okha, mipata yofanana ya 44 ija ingokhala momwemo, diso silingaone kanthu. Koma pali ndodo zimene zimaonda mofulumira, monga imene pa dontho la kuchogwirira ili ndi mamilimita 46 pomwe pa la kunsonga ili ndi 42. Pa chokongoletsa chotseguka, mipata iyenera kutsatira kuonda kwa ndodoyo kuti madayamondi onse afanane maonekedwe: 45.5 kuchogwirira, kenako 44.5, 43.5 ndi 42.5 kunsonga, ndipo dontho lililonse la pansi ligwere pakati pa anzake awiri a pamwamba. Theka la milimita ndi lovuta kulemba ndi choko, koma choko chosongoledwa bwino ndi kuwala kokwanira zimatheka.

Chodabwitsa n'chakuti pa chokongoletsa chotsekeka, chimene ulusi umadzaza thunthu lonse osasiya mpata, mipatayo imatembenuzidwa. Kumene ndodo yanenepa kuli malo ambiri oti adzazidwe, kotero kuti mukasiya mipata yofanana, mbali ya kunsonga imatsekeka msanga maulusi n'kuyamba kukwerana, pomwe kuchogwirira kudakali mabowo. Chothetsa vutoli ndi kufupikitsa mipata kumene ndodo yanenepa ndi kuitalikitsa kumene yaonda, ndiye kuti 42.5 kuchogwirira mpaka 45.5 kunsonga. Komabe sindingalimbikitse woyamba kumene kuti ayambire pa chotsekeka. Pa thunthu la mamilimita 44 pamafunika kudzaza pafupifupi mamilimita 31 pakati pa mizere yoyandikana, ndipo pa ulusi wodzaza milimita imodzi ndi maulusi asanu, amenewo ndi maulusi 155 okwera ndi 155 otsika, onse ofunika kuyalidwa ndi dzanja losanjenjemera.

Maulusi awiri oyamba

Matani nsonga ya ulusi pa tepi ya kuchogwirira, ndipo mukutembenuza ndodo ndi dzanja limodzi, yendetsani ulusiwo kuti udutse pa dontho la pansi la 10, ukwere pa la pamwamba la 32, utsike pa la pansi la 54, ndi kupitirira motero mpaka utafika pa tepi ya kunsonga. Pamenepo uzungulizeni pa tepi kamodzi kapena kawiri kuti ugwire, kenako mubwerere nawo kuchogwirira mukutembenuzabe ndodo mbali yomweyo, ndipo muona kuti ukudutsa pa madontho omwe aja mopingasa, n'kupanga chilembo cha X pa dontho lililonse. Ulusi ukungike pang'ono chabe, mokwanira kuti ugone pa thunthu koma n'kumatheka kuusuntha ndi chikhadabo. Ulusi wokoka mwamphamvu umakokera mphambano kumbali, ndipo pa thunthu loonda umatsetserekera kunsonga.

Musapitirire musanayendere mphambano zonse khumi ndi imodzi. Iliyonse ikhale pa dontho lake ndendende, ndipo pakati pa mphambano ziwiri ulusi uyende mokhota bwino mosachita timapiri. Yang'ananinso ndodo kuchokera kumbuyo kwa chogwirira kuti muone ngati ma X onse a pamwamba afola mzere umodzi, mutembenuze, muonenso a pansi. Maulusi onse otsatira adzatsamira pa awiri amenewa, choncho mphindi zimene mungathere pano zidzakupulumutsani ku ntchito yomasula maulusi makumi angapo. Mukakhutira, pukutani mosamala mizere ya choko ija pamalo amene sadzaphimbidwa, pogwiritsa ntchito kathonje konyowa pang'ono, chifukwa choko chotsalira chimadzaonekera pansi pa epoxy mpaka kalekale.

Kudzaza dayamondi

Poyang'ana patali, chokongoletsachi chimafanana ndi malukidwe a lichero, koma kusiyana kwake n'kwakuti pano palibe ulusi umene umalowa pansi pa unzake. Ulusi uliwonse watsopano umagona pamwamba pa onse akale, ndipo maluwa amatuluka chifukwa cha ndondomeko ya kayalidwe basi. Ulendo umodzi wa dayamondi uli ndi maulusi anayi: wokwera woyalidwa kumbali ya kunsonga kwa ulusi woyamba uja, wotsika woyalidwa kumbali ya kunsonga, wokwera wa kumbali ya kuchogwirira, ndi wotsika wa kumbali ya kuchogwirira. Anayiwa akatha, pa mphambano iliyonse pamaoneka kabokosi kozinga X uja. Ndondomeko imene mwayamba nayo muisunge mpaka kumapeto, chifukwa mukaisintha pakati, ngodya za dayamondi zimasiya kufanana ndipo kulakwikako kumaonekera pa madayamondi onse nthawi imodzi.

Mivi imapangidwa mofananamo, kungoti mumayala maulusi awiri okha pa ulendo uliwonse, wokwera ndi wotsika, onse kumbali imodzi, ndipo mitundu imatuluka ngati zilembo za V zolowana. Imatha msanga, ndipo ndi yabwino kuphunzirirapo dzanja.

Mitundu muikonzeretu pa pepala la timabokosi la m'kope la masamu, n'kulemba kuti mtundu uliwonse utenga maulendo angati. Pa ulusi wa chitsanzo chathu, maulendo 20 amapereka lamba wa mamilimita pafupifupi 8, ndipo dayamondi yake imatalika pafupifupi mamilimita 11 kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake, komwe ndi kukula koyenera thunthu la mamilimita 14. Mungathe kuyamba ndi ulusi wagolide pakati, kenako maulendo atatu akuda, asanu achikasu, asanu ofiira, asanu obiriwira ndi awiri akuda otsekera kunja. Amene anaonapo mikanda imene amayi achingoni amavala pa Umhlangano ku Ntcheu akudziwa kuti mtundu wowala umaoneka bwino ukagundana ndi wakuda, ndipo lamulo lomwelo limagwira pa ndodo. Mitundu iwiri yofanana kuwala, monga wofiira ndi wobiriwira, imasokonezana m'maso, choncho ndi bwino kuilekanitsa ndi ulendo umodzi wakuda wochotsedwa pa atatu oyamba aja. Kwa ine mitundu inayi kapena isanu ndi yokwanira, ndipo ndodo zambiri zimene zimaoneka zosokonekera zimakhala kuti mwini wake anafuna kugwiritsa ntchito bobini iliyonse imene anali nayo.

Pakatha maulendo awiri kapena atatu alionse, imani n'kukankhira maulusi ku mphambano ndi kachida kosalala kaja. Kankhani mbali zonse zinayi ndi mphamvu yofanana, pakuti dzanja limakonda kukankha kwambiri mbali imene ili pafupi ndi thupi, ndipo dayamondi imasuntha pang'onopang'ono kuchoka pa mzere mwini wake osazindikira. Popeza madontho aja tsopano aphimbika, njira yoyezera ndi kukunga ulusi woyera pamwamba pa madayamondi onse kuchokera tepi ina kufika inzake, n'kuona ngati ngodya za kutsogolo ndi za kumbuyo zonse zikugwera pansi pake. Madayamondi a pansi musawaiwale, chifukwa ndi amene amapotoka mobisika. Tepi ya kumalire ikadzaza ndi maulusi n'kusiya kumata, kulunganiponso ina pamwamba pake mozondotsa momwe muja.

Kutseka malire

Maulendo onse akatha, sisitani maulusi mopepuka ndi msana wa kachida kaja kuti timipata tating'ono titsekeke. Ngati muli ndi mankhwala oteteza mtundu, amene amagulitsidwa ndi dzina loti color preserver, pakani kamodzi tsopano n'kudikira kuti aume, chifukwa amamata maulusi pamodzi ndipo sabalalika mukamadula. Kenako tengani ulusi wakuda, muudutsitse pakati pa masamba a buku lolemera kuti ukungike mofanana, n'kuyamba kukulunga mothithikana pamwamba pa maulusi onse, kuyambira pafupi mamilimita 10 kuchokera pa dayamondi yomaliza ya pamwamba kupita kunja. Nsonga yake yoyambira muipanikize pansi pa mizere isanu yoyamba n'kuidula. Kukulunga kumeneku ndi kothina kuposa kwa maluwa kuja, popeza ndi kumene kudzagwire zonse.

Mukakulunga mamilimita 8 kapena 10, gwirani ulusiwo ndi katepi kuti usamasuke, muchotse tepi yozondotsa ija, n'kudula nsonga za maulusi ndi lezala logonekedwa, mpeni wake usaloze pa thunthu. Musazidule zonse pa mzere umodzi, koma zina zifupike zina zitalike pang'ono, kuti ulusi wotsekera utsike bwino popanda chitunda. Pitirizani kukulunga mpaka nsonga zonse zitabisika. Kutatsala mizere isanu ndi itatu kuti mumalize, gonekani kachidutswa ka ulusi kopinda pawiri, diso lake liloze kumene mukupita, mukulunge pamwamba pake, mudule ulusi wanu, mulowetse nsonga yake m'disomo n'kukoka kachidutswako kuti nsongayo ilowe pansi pa mizere. Dulani chotsalira pafupi ndi mizereyo, musisite pamalopo kuti patsekeke, ndipo muchite chimodzimodzi kumalire enawo. Timaubweya totsalira tingathe kupsereza podutsitsa msanga lawi la spiriti chapambali, koma kandulo ayi, chifukwa mwaye wake umadetsa ulusi.

Kupaka

Ulusi wopetera maluwa uja umakhala ndi mafuta otereretsa amene amathamangitsa epoxy n'kusiya timabowo, choncho umafunika mankhwala oteteza mtundu kawiri, ndipo aume tsiku lathunthu musanapitirire. Epoxy yoyenera ndi ya mabotolo awiri yopangidwira ulusi wa ndodo, imene imasakanizidwa muyezo wofanana ndendende. Guluu wa epoxy wouma m'mphindi zisanu, wogulitsidwa m'mashopu a zitsulo, ndi wabwino kumatira chogwirira koma osati kupaka pa ulusi, chifukwa amalimba asanalowe mkati ndipo amachita chikasu padzuwa. Amene alibe epoxy yoyenerayo apake vanishi wosaoneka mtundu mopyapyala kangapo, n'kumadikira kuti aume asanabwereze. Poyeza epoxy pewani masirinji a kuchipatala, chifukwa mphira wake umapakidwa mafuta a silicone amene amabweretsa timabowo tomwe tija. Yezani mamililita osachepera atatu pa botolo lililonse ngakhale mukufuna pang'ono, popeza pa muyezo wochepetsetsa kadontho kamodzi kopitirira kamachititsa kuti epoxy ikhale yomata mpaka kalekale.

Sakanizani pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu kuti musalowetse mpweya, muthire pa kapepala ka aluminiyamu kuti thovu lituluke, n'kupaka ndi kaburashi kofewa mukutembenuza ndodo, mpaka epoxy itapitirira pang'ono malire a ulusi wotsekera. Mukatha kupaka, ndodo isagone mbali imodzi, apo ayi epoxy imatsikira pansi n'kuuma ngati mimba. Amene alibe kamota kozungulitsa aitembenuze ndi dzanja, pamwamba papite pansi, mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse poyamba, kenako mphindi khumi zilizonse, kwa maola awiri kapena atatu.

Nyengo ya kwathu kuno iyenera kuganiziridwa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July kuzizira kwake kumakhuthalitsa epoxy, thovu limakana kutuluka ndipo kuuma kumachedwa kwambiri, chimodzimodzinso ku Lizulu ndi ku Tsangano. M'miyezi imeneyi funditsani mabotolo m'thumba la malaya kapena m'madzi ofunda musanayeze, mupake dzuwa litakwera, m'chipinda chotseka mawindo, ndipo muwonjezere nthawi yotembenuza. Amene ali kumunsi kwa phiri, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, vuto lawo ndi losiyana, pakuti kutentha kumalimbitsa epoxy msanga, choncho apake m'mawa ndipo asachedwe ndi burashi. Mu September ndi October mdani wamkulu ndi fumbi: wazani madzi pansi musanayambe, ndipo muvundikire chigawo chopakacho ndi katoni ina yosakhudza ndodo.

Pofuna kudziwa ngati epoxy yauma, gwirani yotsalira pa kapepala ka aluminiyamu kaja, osati ya pa ndodo. Chokongoletsa cha madayamondi chimakhala ndi zitunda pa mphambano, kotero kupaka koyamba sikusalaza zonse. Pakatha tsiku limodzi, sengani ndi lezala kanthu kalikonse kotumphuka n'kupakanso kachiwiri mopyapyala. Timphete todutsamo chingwe timangidwe pambuyo pake, ndipo potifoletsa mugwiritse ntchito ngodya za madayamondi a pansi, popeza zili kale pa mzere umodzi ndi pokhala reel. Ndodoyo ikhale masiku atatu pamalo ouma, kapena kuposerapo ngati kukuzizira, isanatsike msewu wa Golomoti kupita kunyanja.